Mauthenga a pakati pa maselo amene amachotsa mtundu wa khungu pa matenda a vitiligo

Madokotala a khungu akhala akuona chinthu china chozunguza mutu pa matenda a vitiligo kwa zaka zambiri. Munthu amalandira chithandizo, chigamba choyera chimene chinali pachipumi kapena m'mbali mwa diso n'kuzimiririka, khungu n'kubwerera mwakale. Akasiya mankhwala, pakapita miyezi chigamba chija chimatulukanso, ndipo kawirikawiri chimatulukira pamalo omwe aja. Zimenezi zimachitikira anthu pafupifupi 40 pa 100 alionse chaka chisanathe chisiyireni chithandizo. Thupi lili ndi khungu lalikulu, nanga matendawa amadziwa bwanji pamene anali? Yankho lake lapezeka m'zaka zaposachedwapa, ndipo lagona pa timapuloteni ting'onoting'ono timene maselo a chitetezo cha m'thupi amatumizirana uthenga.

Mtundu wa khungu la munthu umachokera ku melanin, ndipo melanin amapangidwa ndi maselo otchedwa melanocyte, amene ali pansi pa gawo lapamwamba la khungu komanso m'timaenje momwe mumamera tsitsi ndi cheya. Maselowa amagawira melanin kwa maselo ena ochuluka kwambiri amene awazungulira, otchedwa keratinocyte. Pa chigamba cha vitiligo ma melanocyte aja kulibe, anaphedwa kapena kuchotsedwa. Apa m'pamene vitiligo imasiyanirana ndi chialubino, chifukwa munthu wachialubino amabadwa ali nawo ma melanocyte koma sapanga melanin wokwanira. Imasiyananso ndi khate: chigamba cha khate chimachita dzanzi, pamene chigamba cha vitiligo chimamva kukhudza, kutentha ndi ululu ngati khungu lina lililonse. Vitiligo sipatsirana pogwirana chanza, podyera mbale imodzi kapena pogona mphasa imodzi. Imagwira munthu mmodzi kapena awiri pa 100 alionse, m'madera ena ochepera pamenepo, ndipo ambiri imawayamba ali ana kapena achinyamata. Pakhungu lakuda imaonekera patali, n'chifukwa chake ululu wake waukulu kwathu kuno umakhala wa maso a anthu.

Amene amapha ma melanocyte ndi asilikali a m'thupi la munthu yemweyo. Ambirife dzina la CD4 tinalizolowera chifukwa cha HIV. Maselo a CD4 ali ndi abale awo otchedwa CD8, amene ntchito yawo ndi kupha selo lililonse lomwe lalowedwa ndi kachilombo kapena layamba kusanduka khansa. Mwa munthu wodwala vitiligo, ena mwa ma CD8 amenewa amaona mapuloteni a melanocyte, monga tyrosinase, gp100 ndi Melan-A, ngati chizindikiro cha mdani. Mu 2009 akatswiri a ku Amsterdam anatenga maselo a chitetezo m'mphepete mwa chigamba cha wodwala n'kuwaika pa kachidutswa ka khungu labwinobwino la munthu yemweyo m'labotale. Maselo aja analowa n'kupha ma melanocyte. Ataika maselo omwewo koma atachotsamo a CD8, ma melanocyte sanafe.

Komabe kudziwa wakupha sikunathetse nkhani. Anthu ambiri athanzi ali ndi ma CD8 ochepa ozindikira melanocyte m'magazi mwawo, koma sadwala vitiligo. Selo la CD8 loyenda m'magazi silingadziwe palokha kuti pa chigongono chakumanzere pali ntchito. Liyenera kuitanidwa, kusonyezedwa njira, kulimbikitsidwa likafika, ndi kudyetsedwa kuti likhalitse. Zonsezi zimachitika kudzera m'timapuloteni totchedwa cytokine. Selo limodzi limatulutsa cytokine, selo lina lomwe lili ndi cholandirira choyenera pachikopa chake limamva uthengawo n'kusintha zochita zake. Gulu lina la ma cytokine, lotchedwa chemokine, ntchito yake ndi kulondolera: limachuluka pamalo amene latuluka n'kumachepa pang'onopang'ono chapatali, ndipo selo limayenda molowera kumene likuchuluka.

Mwa ma cytokine ambirimbiri amene alipo, amene ali pakati penipeni pa vitiligo ndi interferon-gamma. Zimayenda chonchi. Selo la CD8 likafika pakhungu n'kukumana ndi melanocyte, limatulutsa interferon-gamma. Uthengawu umalandiridwa kwambiri ndi ma keratinocyte, amene sali m'gulu la asilikali n'komwe. M'kati mwa keratinocyte, cholandirira cha interferon-gamma chimadzutsa mapuloteni awiri otchedwa JAK1 ndi JAK2, iwo n'kudzutsa ina yotchedwa STAT1, imene imalowa pakatikati pa selo n'kulamula kuti papangidwe ma chemokine awiri, CXCL9 ndi CXCL10. Awiriwa amafalikira m'khungu mpaka m'timitsempha ta magazi, kumene ma CD8 ena okhala ndi cholandirira chotchedwa CXCR3 amawamva n'kubwera. Obwerawo nawonso amatulutsa interferon-gamma, ma keratinocyte n'kupanganso CXCL10 wochuluka, n'kuitana enanso.

Zili ngati mfuu ya wakuba pamsika. Mmodzi akakuwa, amalonda amene sanaone chilichonse amakuwanso, anthu n'kuthamangira komweko, aliyense wofika n'kuwonjezera mawu ake, ndipo amene akumenyedwa pakatipo sanabe kanthu. Chigamba chimakula chifukwa mfuuyo ikusunthira kunja, m'mphepete momwe mudakali ma melanocyte amoyo.

Zambiri za njira imeneyi zinatsimikizidwa ndi gulu la John Harris pa University of Massachusetts ku Worcester, m'dziko la America, pogwiritsa ntchito mbewa zakuda za m'labotale zimene zimayera makutu, mphuno, mapazi ndi mchira zikapatsidwa ma CD8 olimbana ndi melanocyte. Mu 2012 anaonetsa kuti ukatchinga interferon-gamma, ma CD8 saunjikana pakhungu ndipo mbewa siziyera. Mu 2014 anasiyanitsa ntchito za ma chemokine awiri aja: CXCL9 amaitanira maselo kukhungu mwachisawawa, pamene CXCL10 ndi amene amawafikitsa pamalo enieni ndi kuwachititsa kugwira ntchito yakupha. Chachikulu pa kafukufuku ameneyu chinali chakuti atatchinga CXCL10 mwa mbewa zomwe zinali zitayera kale, mtundu unayamba kubwerera. Izi zikutanthauza kuti chigamba chakale sichili ngati chipsera chimene chinapangika kamodzi n'kutha. Chimakhala choyera chifukwa uthenga ukupitirirabe tsiku ndi tsiku, ndipo melanocyte iliyonse yatsopano imene yayesa kulowa imaphedwa. Kenako mu 2017 gulu lomweli linaonetsa kuti ukachotsa STAT1 mu ma keratinocyte okha, mbewa zimatetezeka. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndi imene inasintha kaganizidwe ka madokotala kuposa zina zonse, pakuti ngati okuza mfuu ali pamwamba penipeni pa khungu, ndiye kuti mankhwala opaka angathe kuwafikira popanda kufooketsa chitetezo cha thupi lonse.

Interferon-gamma ali ndi njira inanso yowonongera. Akatswiri a ku Bordeaux, m'dziko la France, anapeza kuti iye pamodzi ndi cytokine wina wotchedwa TNF-alpha amachititsa ma keratinocyte kutulutsa puloteni yotchedwa MMP-9, imene imadula E-cadherin, chomatira chomwe chimagwira melanocyte pamalo pake. Melanocyte ikamatuka imakankhidwira pamwamba n'kutayika.

Nanga woyamba kukuwa ndani? Kupanga melanin ndi ntchito yolemetsa selo, ndipo kumatulutsa zinyalala zowononga monga hydrogen peroxide. Ma melanocyte a anthu odwala vitiligo amavutika kwambiri pochotsa zinyalalazi, ndipo pakhungu lawo pamapezeka puloteni yoziphwanya, catalase, yochepa. Melanocyte ikapanikizika imatulutsa zizindikiro za ngozi, monga puloteni ya HSP70i imene Caroline Le Poole wa ku Chicago anaifufuza kwa zaka zambiri, komanso ma cytokine a IL-6 ndi IL-8. Ma keratinocyte oyandikana nayo amatulutsa chemokine wina, CXCL16. Maselo olondera a pakhungu amamva zimenezi, ena amatulutsa interferon-alpha, ena amanyamula zidutswa za melanocyte kupita nazo ku timwanabele kukazionetsa ma CD8. Umboni woti interferon-alpha angathe kuyatsa motowu ulipo ndithu: odwala ena a matenda a chiwindi a hepatitis C amene ankabayidwa jakisoni wa interferon-alpha anayamba vitiligo ali pamankhwalawo.

Makemikolo ena amachita zofananazo. Mu 1939 anthu ogwira ntchito pa fakitale ya zikopa ku America anayamba kuyera m'manja, ena mpaka m'malo akutali ndi manja, ndipo anapeza kuti magolovesi a labala amene ankavala anali ndi monobenzone. Mu 2013 kampani ya Kanebo ya ku Japan inachotsa pamsika mafuta oyeretsa khungu okhala ndi rhododendrol, anthu oposa 19,000 atatuluka zigamba zoyera, pafupifupi awiri pa 100 alionse amene anadzola. Makemikolo awiriwa amafanana kapangidwe ndi tyrosine, chinthu chimene melanocyte imapangira melanin, choncho selo limawatenga, n'kupanikizika, n'kutulutsa zizindikiro za ngozi zija. Kuyera kwa malo amene mankhwala sanafikeko ndi kumene kumasonyeza kuti chitetezo cha m'thupi chalowererapo. Ndikaona mafuta oyeretsa khungu osalembedwa bwino zam'kati mwake akugulitsidwa m'misika yathu, nkhani ziwirizi zimandidetsa nkhawa kwambiri.

Kuvulala kwa khungu nakonso kumatulutsa ma cytokine. Ichi n'chifukwa chake vitiligo imakonda zigongono, mawondo, mfundo za zala, m'chiuno modutsa lamba ndi malo ena okhulika, ndiponso chifukwa chake bala lokalika kapena lopsa limatha kupola n'kusiya mzere woyera. Madokotala amachitcha chizindikiro cha Koebner. Pamenepa pali chenjezo lenileni kwa makolo: kutema mphini kuzungulira chigamba cha mwana, kapena kuchikhula ndi zitsamba zowotcha, kungathe kubala zigamba zatsopano pamalo pomwe patemedwapo.

Si aliyense wopanikizika ma melanocyte amene amadwala, chifukwa chibadwa chili ndi mbali yake. Gulu la Richard Spritz pa University of Colorado lapeza malo pafupifupi 50 mu DNA ya munthu amene amawonjezera mpata wodwala vitiligo, ndipo ambiri mwa malowa amalamulira chitetezo cha m'thupi, ochepa okha ndi amene amakhudza melanocyte. Ena mwa iwo ndi omwewo amene amapezeka pa matenda a chithokomiro, shuga wa mtundu woyamba ndi nyamakazi, choncho dokotala wosamala amayeza chithokomiro cha munthu wa vitiligo. Koma chibadwa chokha sichikwanira. Mwa mapasa ofanana ndendende, mmodzi akakhala ndi vitiligo mnzake amakhala nayonso pa mapasa 23 okha pa 100 alionse. Palinso maselo oletsa, otchedwa Treg, amene amatulutsa ma cytokine oziziritsa monga IL-10 ndi TGF-beta, ndipo pakhungu la vitiligo maselowa amalephera kugwira dzanja ma CD8.

Ma cytokine ena anasocheretsa ofufuza. TNF-alpha ndi IL-17 amapezeka ochuluka mwa odwala vitiligo, ndipo popeza mankhwala owatchinga amathandiza kwambiri pa matenda a khungu a psoriasis, chiyembekezo chinali chachikulu. Atayesedwa pa vitiligo sanabwezeretse mtundu mokhutiritsa, ndipo anthu ena omwa mankhwala otchinga TNF-alpha pa matenda ena ndi amene anayamba vitiligo ali pamankhwalawo. Kupeza cytokine wochuluka pamalo odwala si umboni woti ndiye akuyendetsa matendawo. Umboni ndi wakuti ukamutchinga matenda aime, ndipo mayeso amenewa anapambana ndi njira ya interferon-gamma.

Kwa anthu, zinayamba ndi wodwala mmodzi. Mu 2015 Brett King ndi Brittany Craiglow a ku Yale University anapatsa mayi wina wa zaka 53 mapiritsi a tofacitinib, mankhwala a nyamakazi amene amatseka mapuloteni a JAK. Patatha miyezi isanu, chipumi ndi manja ake zinali zitabwerera mtundu pafupifupi ponseponse. Kuchokera apo ofufuza ena anatenga mafuta opaka a ruxolitinib, otseka JAK1 ndi JAK2, n'kuwayesa pa anthu 674 ku America ndi ku Ulaya. Patatha masabata 24, anthu pafupifupi 30 pa 100 alionse anali atabwezeretsa magawo atatu mwa anayi a mtundu wa kumaso, pamene mwa opaka mafuta opanda mankhwala anali pafupifupi 10 okha. Pofika chaka anali pafupifupi theka. Bungwe loona za mankhwala la FDA la ku America linavomereza mafutawa mu July 2022 kwa anthu a zaka 12 kupita m'tsogolo, ndipo mayiko a European Union anatsatira mu 2023. Mavuto ake odziwika ndi ziphuphu ndi kuyabwa pamalo opakapo. Mtengo wake ndi wokwera moti banja wamba la kuno silingaufikire. Koma mankhwala akale amene amapezeka, monga mafuta a steroid olembedwa ndi dokotala ndi mafuta a tacrolimus, nawonso amagwira ntchito pochepetsa ma cytokine amene maselo a chitetezo amatulutsa, kungoti amatero mosasankha.

Manambala aja akuonetsanso kuti kuletsa mfuu ndi theka chabe la ntchito. Ma melanocyte atsopano ayenera kuchokera kwina, ndipo nkhokwe yake ili m'timaenje ta cheya, momwe muli maselo aang'ono amene ma CD8 kawirikawiri sawafikira. Mtundu ukamabwerera umayamba ngati timadontho tabulauni kuzungulira cheya chilichonse, timadonthoto n'kumakula mpaka kukumana. Kumaso, komwe timaenjeti n'tambiri, kumachira msanga. Nsonga za zala, milomo ndi kunsi kwa dzanja, komwe kulibe cheya, kumavuta kwambiri, ndipo chigamba chimene cheya chake chayera chimakhala chitataya nkhokwe yake. Kuwala kumathandiza kudzutsa maselo a m'nkhokwemo kuti atuluke. Gulu la ku Yale lija litapereka tofacitinib kwa odwala khumi, linaona kuti mtundu unabwerera pamalo owombedwa ndi dzuwa kapena owunikidwa ndi nyale za kuchipatala za narrowband UVB basi. Choncho chithandizo chimatenga miyezi yambiri, ndipo munthu amene wasiya patatha masabata anayi poganiza kuti mankhwala alibe mphamvu amakhala wasiya nthawi isanakwane.

Tsopano funso la chigamba chobwerera pamalo omwe aja. Ena mwa ma CD8 amene anafika pakhungu sabwereranso m'magazi. Amakhazikika pomwepo, pakati pa ma keratinocyte, kwa zaka. Maselo okhazikikawa thupi linawakonzera ntchito yabwino, yolondera malo amene kachilombo kanalowerapo kale kuti kakadzabweranso kapezeke msanga. Pa vitiligo amalondera ma melanocyte. Melanocyte yatsopano ikangotuluka m'kaenje ka cheya amaizindikira, n'kutulutsa interferon-gamma, mfuu n'kuyambiranso. Mankhwala otseka JAK amawatseka pakamwa koma sawachotsa, n'chifukwa chake mankhwala akasiyidwa matenda amadzuka pomwe anagona.

Chimene chimasunga maselowa amoyo ndi cytokine wotchedwa IL-15, amene ma keratinocyte amawapatsira, ndipo interferon-gamma yemwe uja amachititsa ma keratinocyte kupereka IL-15 mochuluka. Mu 2018 Jillian Richmond ndi anzake a m'gulu la Harris anabaya mbewa zoyera kale mankhwala otchinga CD122, mbali ya cholandirira cha IL-15. Maselo okhazikika aja anayamba ndi kuchepetsa interferon-gamma, kenako iwo eni n'kuchepa pakhungu, ndipo mtundu umene unabwerera unakhalabe ngakhale mankhwala atasiyidwa. Izi zinali mbewa, ndipo mankhwala otere sanafike poperekedwa m'zipatala. Chimene dokotala angachite lero ndi kusasiya chithandizo mwadzidzidzi. Kafukufuku wa ku Nice, ku France, wa mu 2015 anaonetsa kuti kupaka tacrolimus kawiri pa sabata pamalo amene achira kunatsitsa kubwerera kwa zigamba kuchoka pa zigamba 40 kufika pa zigamba pafupifupi 10 pa 100 zilizonse.

Pali mtundu wina wa vitiligo umene umagwira mbali imodzi yokha ya thupi, umathamanga kwa chaka chimodzi kapena ziwiri n'kuima. Ukaima, madokotala amatha kutenga maselo pakhungu labwino n'kuwabzala pa chigambacho, ndipo nthawi zambiri amakhazikika. Pa vitiligo imene idakali kufalikira, maselo obzalidwawo amaphedwa ngati oyamba aja. Zizindikiro zoti matenda akuyaka ndi timadontho toyera tambirimbiri tomwazika, m'mphepete mwa chigamba mooneka mitundu itatu, ndi zigamba zotuluka pa mabala atsopano. Munthu akaona zimenezi asachedwe kupita kuchipatala, chifukwa kupulumutsa ma melanocyte amene adakalipo n'kosavuta kusiyana ndi kubweza amene atha.

Sindikufuna kuti wowerenga achoke ndi maganizo oti interferon-gamma ndi mdani. Ma CD8 omwewa amene amapha melanocyte yabwino amaphanso melanocyte imene yasanduka khansa ya melanoma. Odwala melanoma amene amapatsidwa mankhwala omasula chitetezo monga pembrolizumab ndi nivolumab nthawi zina amatuluka zigamba zoyera, ndipo amenewa kawirikawiri ndi amene mankhwala akuwathandiza bwino. Kafukufuku wasonyezanso kuti anthu a vitiligo sadwala melanoma kwambiri poyerekeza ndi anthu ena, ngakhale chigamba chenichenicho chimapsa msanga ndi dzuwa ndipo chimafunika chipewa, malaya aatali manja kapena mafuta oteteza.

Kwa ife a chigawo chino cha Africa mfundo yolemera koposa ndi ya TB. Interferon-gamma ndi uthenga umene umalamula maselo odya tizilombo kuti aphe kachilombo ka chifuwa chachikulu kamene ameza, ndipo ana obadwa ndi cholandirira chake chowonongeka amadwala kwambiri ndi tizilombo ta m'gulu la TB, ngakhale ndi katemera wa BCG weniweniyo. Mapiritsi otseka JAK monga upadacitinib, povorcitinib ndi ritlecitinib ayesedwa pa vitiligo yofalikira thupi lonse, ndipo mankhwala akumwa a gulu limeneli amadziwika kuti angathe kudzutsa TB yogona m'thupi, kuyambitsa mashingozi ndi kuundanitsa magazi m'mitsempha. Kumene TB ndi yosowa, chiopsezo chodzutsa TB n'chaching'ono. Ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa, komwe anthu ambiri ali ndi TB yogona ndipo ena ali ndi HIV, munthu ayenera kuyezedwa TB, HIV ndi hepatitis B asanayambe mapiritsi otere, ndipo asawagule pa intaneti kapena kutumiziridwa ndi wachibale wakunja popanda dokotala womuyang'anira. Mafuta opaka amalowa m'magazi pang'ono chabe, komabe malangizo ake amati asapakidwe pa malo opitirira magawo 10 pa 100 a khungu lonse la thupi.